Mtedza Wotsala Posankha Umapita Kuti? Yankho pa Nkhani ya Chuku

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji: "Ndimalima mtedza ndi chimanga, komanso ndine msungichuma wa kalabu yathu. Chaka chatha wogula anatibwezera matumba ponena kuti muli chuku, chonsecho mtedzawo unali wooneka bwino. Tinausankhanso, wabwino tinagulitsa kwa mavenda, wotsalawo tinasinja nsinjiro. Kodi akatswirinu simunapezebe mankhwala opopera kuti chuku chitheretu? Nanga mapira a buluu amene akuti amawaza m'munda, ndi zoona kapena ndi malonda chabe?"

Mayi, zikomo polemba. Mafunso anu awiri ndiyankhiretu: mankhwala opopera oti n'kuthetsa vutoli palibe, koma mapira a buluuwo ndi enieni, ndipo pali kafukufuku wa zaka zambiri kumbuyo kwake. Zonsezi ndizifotokoza. Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu si mafunsowo ayi, ndi mawu amene mwangowatchula podutsa, akuti wotsalawo munasinja nsinjiro. Ndawerenga pamenepo kawiri, ndipo ndikupemphani kuti mundilole ndichedwepo.

Tikamati chuku timaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Pali chuku chenichenicho, chamoyo, chimene chimamera ngati ufa wobiriwira mosakanikira chikasu pa mtedza kapena pachitsononkho. Akatswiri amachitcha Aspergillus flavus, ndipo chili ndi mbale wake, Aspergillus parasiticus, amene amakonda kwambiri mtedza. Ndiye pali poizoni amene chukucho chimalavulira m'mbewu, wotchedwa aflatoxin. Chuku mutha kuchiona, kuchipukuta, ngakhale kuchipha ndi dzuwa kapena moto. Poizoni wake saoneka, sanunkha, ndipo akalowa m'njere walowa. Kukazinga mtedza m'phale kumangomuchepetsako osamutha, kuphika phala sikumuchotsa. Amafuna kutentha kopitirira madigiri 230 kuti aonongeke, pomwe madzi a mumphika amabwata pa 100.

Poizoniyu anadziwika mu 1960 ku England, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa m'miyezi yochepa. Poyamba matendawo anasowa dzina. Atalondola bwino anapeza kuti zonse zinadya chakudya chosakaniza ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil, ndipo m'zotsaliramo munali chuku chomwechi. Kuyambira pamenepo mayiko ogula mbewu anayamba kuika milingo. Ku Ulaya, mtedza woti munthu adye usapitirire magawo 4 a poizoniyu pa biliyoni. Ku America mlingo wake ndi 20. Kuti mumvetse kuchepa kwa magawo 4 amenewa: poizoni wolemera ngati njere imodzi yokha ya mtedza, theka la galamu, akwanira kufikitsa matumba 2,500 a makilogalamu 50 pa mlingo wa ku Ulayawo. Choncho wogula uja sanakunamizireni poona mtedza wowala. Maso sangaone zimene makina ake anaona.

Pali chinanso chimene kafukufuku anapeza kalekale, ndipo ndicho chikutifikitsa pa nsinjiro zija. Poizoniyu samwazikana mofanana m'thumba monga mchere mu ndiwo. Amaunjikana m'njere zochepa chabe: zofota, zosakhwima, zoboola tizilombo, zosintha mtundu, zija zowawa zimene munthu amalavula akatafuna. Njere imodzi yotere itha kusenza poizoni wochuluka kuposa njere zinzake masauzande pamodzi. Ichi n'chifukwa chake kusankha kumathandiza kwambiri. Koma taonani mbali inayo. Mukasankha thumba, poizoni sanapite kulikonse, mwangomusonkhanitsa m'kabeseni kamodzi. Wabwino wakwera njinga ya venda, kabeseni kaja katsala pakhonde.

Ndinaziona ndi maso tsiku lina titapita kukatenga mbewu zokayeza m'mudzi wina wa m'chigawo chapakati. Amayi anayi anali pamphasa, malichero pamiyendo, akusankha mtedza wa kalabu mwaluso loti makina sangafikepo. Pambali panali beseni la buluu lothyoka mkombero, momwe amaponyamo wokanidwa. Kamwana ka zaka ngati ziwiri kanali tsonga pambali pa besenilo, dzanja m'kati, kakutola kamodzikamodzi n'kumaika m'kamwa. Palibe anakaletsa, ndipo sindikuwaimba mlandu, pakuti palibe anawauzapo kuti vuto la thumba lonse lija tsopano lili m'beseni limenelo. Anangouzidwa kuti wogula amafuna mtedza woyera. Ife amene timaphunzitsa za misika tinalakwitsa pamenepo: tinaphunzitsa anthu kuyeretsa mtedza wa alendo osawauza za mphika wawo.

Kodi poizoniyu amatani m'thupi? Akachuluka nthawi imodzi amaononga chiwindi mwachangu: maso chikasu, kusanza, mimba ndi miyendo kutupa. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi oyandikana nawo, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chawochawo chimene anakolola mvula ikugwa n'kuchisunga chisanaume. Mu 2016 zinachitikanso pakati pa dziko la Tanzania, m'madera a Dodoma ndi Manyara, anthu pafupifupi 20 n'kutaya miyoyo. Mu 2024, chilala chitavuta, boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndi chakudya chopangidwa kuchokera ku chimanga chokhala ndi poizoniyu, ndipo ufa wa zigayo zina unachotsedwa pamsika. Mchinji ndi Chipata n'khomo ndi khomo, nyengo yathu n'njofanana.

Komabe imfa zadzidzidzi zoterezi si zimene zimandisowetsa tulo. Chimandidetsa nkhawa ndi kudya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kumene sikugonetsa munthu pamphasa lero. Bungwe la IARC, loona za kafukufuku wa khansa pansi pa WHO, linaika aflatoxin m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya chiwindi. Munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda a chiwindi, chiopsezo chake chimakwera pafupifupi ka 30. Kwa ana, kafukufuku wa ku Benin ndi Togo amene anasindikizidwa mu 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi poizoniyu wochuluka m'magazi kuposa anzawo okula bwino, ndipo mlingo unkakwera mwana akangosiya kuyamwa n'kuyamba phala. Kupinimbira kuli ndi zoyambitsa zambiri, chuku n'chimodzi mwa izo. Koma phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndilo timalimbikitsa mayi aliyense kusikelo, ndiye nsinjirozo ziyenera kuchokera ku mtedza wabwino koposa wa m'nyumbamo, osati wa m'beseni lija. Ndionjezepo kuti ngakhale poizoniyu amatha kudutsira pang'ono mu mkaka wa m'mawere, mayi asasiye kuyamwitsa chifukwa cha nkhaniyi. Bere limamuteteza mwana kuposa phala.

Tsopano za mankhwala opopera. Matenda ena a chuku, monga mawanga a pamasamba a mtedza kapena chiwawu cha soya, amapopereka chifukwa mdani ali pamtunda, pa tsamba. Aspergillus amakhala m'dothi, m'zinyalala zoola za chaka chatha, ndipo mtedza umabereka momwemo. Mankhwala a pamasamba safikako. Ofufuza ayesa kwa zaka zambiri, zotsatira zake sizinakhutiritse aliyense moti n'kuuza mlimi kuti aononge ndalama. Wina akadzabwera pamsika ndi kabotolo kolembedwa kuti kamachotsa aflatoxin mu mtedza wokolola kale, musatulutse ndalama ya kalabu. Ngakhale mankhwala a ufa othira m'chimanga, monga Actellic, amapha anankafumbwe basi. Amathandiza chifukwa nankafumbwe amatsegulira chuku njira, koma chukucho sachikhudza.

Chimene ofufuza anapeza m'malo mwa mankhwala ndi nthawi imene chuku chimalowera. Ambiri timaganiza kuti vuto limayambira m'nkhokwe. Ku Dawson, m'boma la Georgia ku America, akatswiri a mtedza m'zaka za m'ma 1980 anamanga timinda tokhala ndi denga loyenda lotchinga mvula, n'kumasintha chinyezi ndi kutentha kwa dothi mmene afunira. Anapeza kuti mtedza ukakumana ndi ng'amba m'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi omaliza usanakumbidwe, dothi lili lotentha madigiri 28 mpaka 30, poizoni amapangika mtedzawo uli m'nthaka, ngakhale makoko ake ali osasweka. Mtedza wa chinyezi chokwanira umadziteteza wokha. Ukafota ndi ludzu chitetezocho chimatha, ndipo chuku, chimene chimapirira kuuma kuposa tizilombo tinzake, chimatsala chokha pabwalo. Chimanga nachonso chimodzimodzi: ng'amba ya nthawi ya ngaiyaye ndi ndevu, kuphatikizapo mabala a kapuchi ndi ntchemberezandonda pachitsononkho, ndiyo imaitana vuto.

Mukamva zimenezi, malangizo aja amene alangizi amabwereza mpaka kutopetsa amayamba kumveka mwatsopano. Kubzala ndi mvula yoyamba n'kofuna kuti mtedza ukhwime mvula isanadule. Kuno kwathu mtedza umadikira fodya ndi chimanga zithe kaye, ubzalidwe Khrisimasi itadutsa, kenako ukhwimire m'dothi louma la mu Epulo. Ngonyeka m'mizere zimasunga madzi amene akanathamangira kudambo. Kubzala mizere iwiri pamzere umodzi kumachititsa masamba kutseka dothi msanga, dzuwa osaliotcha. Manyowa amasunga chinyezi, ndipo laimu kapena jipisamu amalimbitsa makoko. Kumadera a mvula yochepa, mitundu yocha msanga monga Kakoma ndi Baka imathawa ng'amba imene Chalimbana, wochedwa kukhwima uja, amakumana nayo. Zambiri mwa izi zayesedwa konkuno ku Chitedze, kumene ofufuza a boma amagwira ntchito limodzi ndi bungwe la ICRISAT, lofufuza mbewu za m'madera ouma.

Tifike pa mapira a buluu. Dzina lake ndi Aflasafe, ndipo nzeru yake n'njokoma kuimva. Si chuku chonse cha mtundu wa Aspergillus flavus chimene chimapanga poizoni. M'munda mwanu momwemo muli china chaululu, china chopanda ululu, zofanana maonekedwe ngati mapasa. Wofufuza wa ku America, Peter Cotty, akugwira ntchito pa thonje ku Arizona, anaonetsa kuti ukachulukitsa chopanda ululucho m'munda nthawi yabwino, chimayamba ndicho kukhazikika pa mbewu, chaululu chija n'kusowa malo. Mankhwala oyamba otere, AF36, analembetsedwa ku America mu 2003. Kenako bungwe lofufuza za ulimi la IITA, lomwe likulu lake lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, linatengera nzeruyi ku Africa, ntchitoyo ikutsogozedwa ndi Ranajit Bandyopadhyay.

Sanangotenga chuku cha ku America kudzathira kuno. M'dziko lililonse amatola dothi ndi mbewu m'minda yambiri, n'kumeretsa chuku masauzande mu labotale, kuyeza chilichonse, kufufuza ngati chibadwa chake chilibiretu mphamvu yopanga poizoni, kenako kusankha mitundu inayi ya m'dziko lomwelo imene imapikisana bwino. Ndi ntchito ya zaka. Ndikukumbukira ulendo woyamba kuona mbale zagalasi zomeretsera chukuzi zitandandalikidwa pathebulo, zonse zobiriwira mofanana, wina n'kundiuza kuti iyi ingaphe nkhuku, iyi ilibe kanthu. Ndinayang'anitsitsa kufuna kupeza kusiyana, osakupeza. Mitundu yosankhidwayo amaimata pa mapira okazinga, oti sangamere, n'kuwapaka utoto wa buluu kuti munthu asawasokoneze ndi chakudya. Mapirawo ndi kamba chabe wa chuku chabwinocho. Kwa Malawi anakonza Aflasafe MW02 ndi MWMZ01, wachiwiriyu tikugawana ndi Mozambique. Zambia ili ndi wake, ZM01 ndi ZM02.

Kathiridwe kake n'kosavuta: makilogalamu 4 pa ekala, kapena 10 pa hekitala, kuwaza ndi dzanja pamwamba pa dothi, masabata awiri kapena atatu chimanga chisanatulutse ngaiyaye. Pa mtedza tsatirani masiku olembedwa pa paketi. Muyambe mwamaliza kupalira ndi kubandira, chifukwa mapirawo akakwiririka ntchito yaonongeka. Dothi likhale lonyowa kuti chuku chimere pa njerezo. Pakapita masiku angapo mukagwada mudzaona zachita ubweya wobiriwira, ndiye kuti zagwira. Nkhuku ndi nkhanga zikhale kutali masiku amenewo, zingatole zonse. M'mayesero a m'mayiko osiyanasiyana, minda yothiridwa imatulutsa mbewu zokhala ndi poizoni wochepa ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposa poyerekeza ndi minda yoyandikana nayo yosathiridwa, ndipo chitetezocho chimapitirira mpaka m'nkhokwe, popeza chuku chimene chakwera ndi mbewu kuchokera kumunda ndi chopanda ululu chija.

Ine ndimaikhulupirira njirayi, koma ndikuuzeni malire ake. Aflasafe sachiza mbewu imene yaonongeka kale. Saonjezera zokolola, munda wothira ndi wosathira matumba ake ndi amodzimodzi, phindu lake lili m'chinthu chosaoneka. Amafuna kugulidwa chaka ndi chaka. Salowa m'malo mwa kuumitsa bwino. Ndipo pali poizoni wina wa m'chimanga amene iye samukhudza n'komwe, ndimutchula posachedwa. Kwa kalabu ngati yanu, imene ili ndi wogula woyeza mbewu, ndalama yake itha kubwerera. Funsani alangizi a ku EPA yanu kapena a ku Chitedze za komwe angapezeke, ndipo musagule wa pamsika wongopimidwa m'jumbo, chifukwa mapira opaka utoto aliyense atha kupanga.

Mbewu ikatuluka m'munda nkhondo yachiwiri ndi ya madzi. Apa pali nkhani imene imandiphunzitsa kudzichepetsa monga munthu wa kafukufuku. Kwa zaka zingapo mabungwe ambiri analimbikitsa kuumitsa mtedza pa mulu wozungulira wotchedwa Mandela cock, makoko kuloza m'kati, pakati posiya mpata wa mphepo. Zinkamveka zanzeru, ndipo ambirife tinaziphunzitsa. Kenako wofufuza Limbikani Matumba wa ku yunivesite ya LUANAR ndi anzake anayerekeza njirayi ndi ija ya makolo, yongotembenuza mtedza pamzere makoko kuyang'ana kumwamba, m'minda ya alimi eniake. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2018 zinaonetsa kuti m'manja mwa alimi, mtedza wa pa Mandela cock unali ndi poizoni wochuluka kuposa wotembenuza pamzere. Mulu ukapanikizika, m'kati mumachita thukuta. Choncho ngati mvula yatha, tembenuzani mtedza pamzere uume msanga, kenako thotholani n'kuyanika pa lona, pa mphasa kapena pa thandala, osati padothi.

Ndiye pali chizolowezi chimene ndikudziwa kuti muchizindikira: kuwaza madzi pa mtedza madzulo, kufunditsa chiguduli, kuti m'mawa makoko afewe, zala zisapweteke poswa. Ndikudziwa kuwawa kwa kuswa matumba khumi ndi manja, zala zimachita matuza. Koma usiku umodzi umenewo, wofunda ndi wonyowa, ukwanira kudzutsa chuku chimene chinagona mtedza utauma, ndipo mtedza woswedwawo umalowa m'thumba uli ndi chinyezi. Ena amawazanso madzi dala kuti sikelo ilemere. Ngati kalabu yanu ingagule chinthu chimodzi chokha chaka chino, ndingasankhe kamakina kopukusa ndi manja koswera mtedza. Komanso musaswe mtedza wonse nthawi imodzi; khoko ndi nyumba yake, wosaswa umasungika bwino kuposa woswa. Wouma bwino umalira mukaugwedeza, ndipo njere yake imathyoka ndi phokoso mukailuma.

Chimanga chimafunika chiume kufika pa magawo 13 pa 100 a chinyezi chisanalowe m'thumba. Popanda makina, tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga ndi mchere wouma bwino, tsekani, gwedezani, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Mikukwe isagwe n'kugona padothi kwa masabata, ndipo zitsononkho zoola zipatulidwe pokolola pomwepo, zisakwere ngolo limodzi ndi zabwino. Matumba a PICS, aja osalowa mpweya, amathandiza chifukwa anankafumbwe amafera m'kati ndipo chuku chimasowa mpweya, koma chimanga chonyowa mukachitsekera m'menemo chidzaola basi. Matumba asanjidwe pa mitengo, osagunda khoma.

Poizoni wachiwiri uja ndi fumonisin, wochokera ku chuku china chotchedwa Fusarium, chimene chimaoletsa chitsononkho n'kusiya njere zotuwa mofiirira, zina zokhala ndi timizere toyera. Anamutulukira mu 1988 ofufuza a ku South Africa motsogozedwa ndi Wally Marasas, pofuna kudziwa chifukwa chimene khansa ya pammero inachulukira kudera la Transkei, kumene anthu amadya chimanga cholima okha tsiku lililonse. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ili yochuluka kwambiri padziko lonse. Kuti fumonisin ndiye woyambitsa sizinatsimikizike, akuganiziridwa limodzi ndi utsi wa nkhuni, fodya, mowa ndi zakumwa zotentha kwambiri. Koma kwa anthu odya nsima kawiri pa tsiku, n'chifukwa chokwanira chosamalira chimanga. Fusarium amalowa chimanga chili m'munda, ndiye chitetezo chake ndi mbewu zopirira kuola kwa zitsononkho, zokhala ndi makoko otseka bwino kunsonga, kasinthasintha wa mbewu, kuthana ndi mbozi, ndi kukolola pa nthawi yake.

Apa makolo athu anatisiyira chida osadziwa. Ofufuza a kuno anayeza njira yopangira ufa woyera, kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka ndi kuyanika, n'kupeza kuti imachotsa gawo lalikulu la poizoni, chifukwa wambiri amakhala kukhungu ndi kumtima kwa njere. Anapezanso kuti mwa njira zonse za pakhomo, kusankha ndi manja njere zoola chimanga chisanapite kuchigayo ndiko kumachotsa wochuluka koposa. Sindikunena kuti musiye mgaiwa. Uli ndi zofunika m'thupi zimene ufa woyera ulibe. Ndikunena kuti chimanga cha mgaiwa, makamaka cha phala la mwana, chizisankhidwa pa lichero monga timasankhira mpunga. Madzi oviikira mphale yokayikitsa atayidwe. Ndipo kumbukirani kuti zimene zachoka mu mphale zapita m'madeya. Madeya a chimanga choola mukapatsa ng'ombe ya mkaka, gawo lina la aflatoxin limatulukira mu mkakawo. Nkhuku zimachepetsa kuikira ndi kukula. Chimera cha thobwa nacho, poti chimafunditsidwa chili chonyowa, chisapangidwe ndi chimanga chotsala posankha.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangopanga mbewu yosagwidwa chuku. Akuyesa. IITA ndi ofufuza a ku America anatulutsa mu 2008 mitundu isanu ndi umodzi ya chimanga chopirirako, yoti akatswiri azipangira mbewu zina, ndipo ICRISAT yakhala ikusankha mtedza wotere kwa zaka makumi angapo. Vuto n'lakuti kupirira kumeneku kumadalira nyengo: mtundu wochita bwino chaka cha mvula umagonja chaka cha ng'amba. Mu 2017 ofufuza a ku University of Arizona anaonetsa chimanga chosinthidwa chibadwa chimene chimatseka mphamvu ya chuku yopangira poizoni, ndipo a ICRISAT ndi anzawo anachita zofananazo pa mtedza. Zimenezi zinali za mu labotale, si mbewu yoti mukaipeza kwa wogulitsa zipangizo za ulimi pa Kamwendo.

Kumbali ya ndondomeko, African Union inakhazikitsa mgwirizano wa PACA wolimbana ndi aflatoxin, Malawi n'kukhala limodzi mwa mayiko oyambirira, ndipo mu 2013 dziko lino linakonza pulogalamu yakeyake ya MAPAC. Mapepala alipo abwino. Kudandaula kwanga n'kwakuti msika wa m'mudzi sunasinthe: venda amagula wouma ndi wonyowa, wosankha ndi wosasankha, pa mtengo umodzi. Mlimi wosamala salipidwa chifukwa cha kusamala kwake, ndiye mawa adzavutikiranji? Mpaka ogula adzayambe kuyeza ndi kulipira mosiyanitsa, luso lonse ndafotokozali lidzayenda pang'onopang'ono. Kalabu yanu ili ndi mwayi umene mlimi payekha alibe. Kambiranani ndi wogula uja mvula isanagwe, mumufunse mlingo umene amafuna ndi mtengo umene adzaonjezere mukaufikira. Pemphani kuti poyeza azitapa m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kusakaniza, pakuti kutapa dzanja limodzi m'thumba limodzi kutha kukugwetsani kapena kukupulumutsani mwangozi. Matumba a membala aliyense alembedwe dzina, kuti thumba limodzi lowazidwa madzi lisaphetse mtedza wa anthu makumi awiri.

Nanga wotsala posankha uja mutani naye? Ndikudziwa kuti kuuza munthu kuti ataye chakudya m'mwezi wa Januwale n'kolemetsa, ndipo sindikunena mopepuka. Patulani kawiri. Njere zongobanduka pakati poswa, zoyera m'kati, zolimba, zosawawa, mutha kudya msanga osazisunga. Koma zofota, zakuda, zobiriwira, zoboola ndi zowawa zisalowe mumtondo, zisapite kwa ana, kwa nkhuku, kapena kwa mayi wogulitsa nsinjiro pamsika amene amazigula motchipa. Kuyenga mafuta pamudzi sikuthetsa vuto, chifukwa mafuta osayeretsedwa kufakitale amatha kutsala ndi poizoni, ndipo wochuluka amatsalira m'zofinyazo. Zikwirireni m'dzenje lakuya kapena zitentheni. Ikani lamulo limeneli m'malamulo a kalabu, ndipo beseni la zokanidwa likhale ndi chivundikiro, patali ndi ana.

Ngati nsinjiro za chaka chatha zija zikadalipo m'chitini, zitayeni lero. Amene anadyako asachite mantha, thupi limachotsa gawo lina munthu akasiya kudya zoonongekazo, ndipo kusinthasintha zakudya, mbatata, chinangwa, nyemba, masamba, kumachepetsa mlingo umene umalowa tsiku lililonse. Onani m'mabuku a kusikelo ngati ana analandira katemera yense, popeza wa hepatitis B ali m'gulu la katemera amene ana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Wina m'banjamo akayamba maso achikasu, kutupa mimba kapena kusanza kosalekeza, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze adokotala za mtedza ndi chimanga chimene mwakhala mukudya.